Gujiya, switi ya Holi imene imafuna moto waulesi

Munthu amene manja ake anakulira pa mandasi, tsiku loyamba kupanga gujiya amatuluka thukuta, osati poti gujiya ndi yovuta kwambiri ayi, koma zonse zimene manjawo anazolowera apa zimayenda chambuyo. Mandasi amafuna ufa wofewa wotupa ndi yisiti, mafuta otentha bwino, kuponya, kutembenuza, kuvuula, wina ali kale ndi ndalama m'manja akudikira. Gujiya imafuna ufa wolimba gwa wopanda yisiti olo pang'ono, mafuta ongofunda, ndi munthu woti tsiku limenelo alibe kolowera. Ukathamanga pena paliponse imakuyalutsa, ndipo imayalutsira m'chiwaya anthu akuona, imaphulika, za m'kati n'kumwazika, mafuta onse n'kuda bii.

Kwa amene simunaionepo, gujiya ndi kachikopa ka ufa wa tirigu kopindidwa pakati kukhala theka la mwezi, m'mphepete mwake mopotedwa bwinobwino, m'kati muli mkaka wouma wokazinga, shuga, kokonati, mtedza wa mitundumitundu ndi timbewu tonunkhiritsa chakudya totchedwa cardamom. Imakazingidwa mu ghee, mafuta a batala wosungunula ndi kusefa, kenako ena amaidya choncho youma, ena amayamba ainyika kaye m'manyuchi a shuga mpaka iziwala ndi kumata zala. Ine ndikukamba za yonyikayi. Kumpoto kwa India, ku Uttar Pradesh, Rajasthan, Madhya Pradesh ndi madera oyandikana nawo, gujiya ndi ya chikondwerero cha Holi, nyumba yopanda gujiya pa Holi anthu amadziwa kuti mwina mwagwa zovuta chaka chimenecho, chifukwa banja limene lili pa maliro silipanga maswiti, aneba ndi amene amabweretsa.

Holi imagwa pamene mwezi waoneka wathunthu m'mwezi wawo wa Phalguna, nthawi zambiri mu Malichi, mwachitsanzo mu 2024 inali pa 25 Malichi, mu 2025 pa 14 Malichi. Usiku woti mawa ndi tsikulo amasonkha chimoto pamphambano, amati Holika Dahan, kukumbukira nthano ya mnyamata Prahlad amene anakana kupembedza bambo ake, mfumu Hiranyakashipu, ndiye azakhali ake Holika anakhala naye pamoto podalira kuti iwo moto suwatentha, koma anapsa ndi iwowo mwana n'kutuluka wamoyo. Kukacha ndi utoto basi, anthu kuthirana, kupakana kumaso, ku Mathura ndi ku Vrindavan misewu yonse psuu, ku Barsana azimayi kuthamangitsa amuna ndi ndodo. Izi ndi zimene zimadzadza Facebook. Koma m'nyumba Holi imakhala itayamba kale masiku atatu anayi m'mbuyomo, kukhitchini, ndipo ine kumeneko ndi kumene ndinaidziwira, nthawi imene ndinali pasukulu ku Lucknow, mzinda wa ku Uttar Pradesh, ndikuchita lendi kachipinda kapamwamba pa nyumba ya banja lina. Mayi a panyumbapo tonse tinkangowaitana Aunty, iwo aliyense wamng'ono kwa iwo anali beta, kaya ndi mwana wawo kaya ndi wa lendi wochokera ku Malawi, ndipo sabata ya Holi aliyense wokhala ndi manja awiri ankalembedwa ganyu yopanda malipiro.

Ntchito imayambira pa mkaka. Maziko a za m'kati mwa gujiya ndi khoya, dzina lake lina la Chihindi ndi "mawa", umene ndi mkaka wowiritsa mpaka madzi onse atauluka n'kutsala chinthu cholimba choti ukhoza kuumba ndi manja. Lita imodzi ya mkaka wonona imatulutsa magalamu 200 kapena kupitirirako pang'ono, nde kuti mupeze magalamu 400 okwanira gujiya ngati 30 mukufunika malita awiri ndi maola pafupifupi awiri muli chiimire pamoto. Kumeneko ambiri amakonda mkaka wa njati, ndipo musaganize za njati zolusa za ku Majete zija, izi ndi njati zoweta zokonda kugona m'matope, zofatsa moti kamwana kamazikusa ndi kandodo, mkaka wake mafuta amafika 6 kapena 7 peresenti pomwe wa ng'ombe umakhala cha m'ma 3.5 mpaka 4. Nchifukwa chake khoya wa njati amatuluka wambiri, woyera ndi wosalala, wa ng'ombe amachepa ndipo amachita kachikasu pang'ono, koma amagwira ntchito bwinobwino.

Mkakawo umathiridwa m'chiwaya chachikulu chotambalala, chokhuthala pansi, iwo amati kadhai. Kutambalalako n'kofunika chifukwa madzi amauluka msanga, mu poto wozama mukhalapo mpaka dzuwa kulowa. Poyamba moto ukhale wamphamvu, mukuvundula kuti usasefukire. Ukatsika kufika theka chepetsani moto, ndipo kuyambira pamenepo simuchokaponso, foni ikalira ilire. Zimene zikumata m'mbali mwa chiwaya muzipala n'kubwezera m'kati, pansi muzipalanso osalekeza, chifukwa mkaka ukangogwira pansi pang'ono pokha fungo la kupserera limalowa monse ndipo palibe cardamom imene ingalibise. Aunty ankandipatsa chipande n'kunena kuti, "Beta, mkaka umadziwa ukauchokera, vundula," iwo n'kukhala pampando kumasenda ma almond. Umayamba kukhuthala, kuchita thovu lolemera lophulika pang'onopang'ono, kenako kuyamba kusiya m'mbali mwa chiwaya n'kusonkhana pamodzi pakati. Pamenepo phulani, ukamazizira umalimbanso.

Mungafunse kuti kodi sagulitsa wopangapanga, dziko lotulutsa mkaka wambiri kuposa lina lililonse padziko lapansi? Amagulitsa, m'misika muli malo ogulitsa khoya yekhayekha, zimibulu zikuluzikulu zoyera. Vuto ndi loti Holi ikayandikira ofuna khoya amachuluka kuposa mkaka umene ulipo, nde achinyengo amalowapo, kusakaniza sitachi, ufa wa mkaka wotchipa ndi vanaspati, mafuta olimba a zomera ofanizira ghee, ndipo chaka chilichonse nyuzipepala zimadzadza ndi nkhani za akuluakulu oona za chakudya akulanda ndi kutaya khoya wabodza. Azimayi ali ndi njira yawo yoyezera, amawiritsa kachidutswa m'madzi pang'ono, kakazizira n'kudonthezamo ayodini, madziwo akasanduka abuluu ndiye kuti muli sitachi. Ena amangofikisa pachikhatho, weniweni amasiya mafuta onunkhira ghee. Aunty iwo sankafuna n'zoyezazo, ankati bola kuima maola awiri kusiyana ndi kudyetsa alendo zinthu zosadziwika.

Khoya akapezeka amabwereranso pamoto kachiwiri. Mumamunyenya m'chiwaya chouma, moto wochepa, n'kumatakasa mpaka asinthe mtundu kuchoka koyera kufika kofiirira pang'ono ndi kuyamba kutulutsa mafuta. Anthu ena amadumpha gawo limeneli poona ngati n'kubwereza ntchito, koma ndi limene limachotsa chinyontho chotsala, ndipo chinyontho chotsala m'kati ndi chimene chimasanduka nthunzi m'mafuta n'kuphulitsa gujiya, ndi chimenenso chimachititsa nkhungu pakapita masiku ochepa. Pambali mumakazinga suji, semolina uja, ufa wa tirigu wa mchengamchenga, magalamu ngati 50 mu supuni ya ghee mpaka anunkhire, kokonati wouma wopala magalamu 50 kumuonetsa moto pang'ono, ma almond ndi mtedza wa kashu zoduladula magalamu 100 zonse pamodzi, mphesa zouma kadzanja kamodzi. Kumeneko amaikamonso timbewu tina tating'ono totchedwa chironji. Suji ntchito yake ndi kumwa chinyontho ndi kuchulukitsa za m'kati, mabanja amene thumba ndi lopepuka amachulukitsa suji n'kuchepetsa khoya, ndipo alendo amadziwa akangoluma koma palibe amene amanena.

Za kashuyu ndinkaseka ndekha. Mtengo wake unachokera ku Brazil, Apwitikizi ndi amene anaufikitsa ku Goa m'zaka za m'ma 1500, ndipo lero kashu wambiri amene amaswedwa m'mafakitale a ku Kollam ku Kerala amachokera kuno ku Africa, Mozambique ndi Tanzania ali m'gulu lomwelo. Nde mwina amene ndinkadula pakhonde ku Lucknow uja anali wa kwa aneba athu konkuno.

Shuga amalowa pomaliza, zonse zitazizira ziziziri. Mukathira khoya ali wotentha shuga amasungunuka, za m'kati n'kukhala phala lamadzi, ndipo phala simungalitsekere m'chikopa cha ufa. Iwo amakonda shuga wina wa mchengamchenga wotchedwa boora, ife tingosinja shuga wamba pang'ono mu blenda kapena mu mtondo woyera. Poti gujiya yathu ikanyikidwanso m'manyuchi, m'kati musapitirire magalamu 120, apo ayi munthu adya theka n'kuyamba kufuna madzi. Cardamom, amene m'mashopu a amwenye mukafunsa kuti elaichi akupatsani, tengani timakoko 8 kapena 10, tsegulani, sinjani timbewu ta m'kati tokha nthawi yomweyo. Wa ufa wa m'paketi fungo linathawa kalekale.

Tsopano ufa. Fulawa woyera wamba, iwo amati maida, magalamu 500. Musanathire dontho la madzi, mumathira ghee wosungunula magalamu 100 mpaka 120 n'kufikisa ndi zala mpaka ufa wonse utalawa mafuta, palibe pouma. Mafuta olowa mu ufa chonchi amawatchula moyan, ndipo kuyeza kwake sikufuna sikelo, mumatapa ufa n'kufumbata mwamphamvu, mukatsegula dzanja ukhale chibulu chosaphwasuka chokhala ndi zizindikiro za zala. Ukaphwasuka onjezani ghee pang'ono. Koma osapyola muyezo, moyan akachuluka chikopa chimanyenyeka m'mafuta, akachepa chimalimba moti mano amadandaula. Chimene chimachitika n'choti mafuta amakuta ufa, madzi akabwera sapeza mpata wopanga ulimbo wambiri uja umene umachititsa buledi kutamuka, nde chikopa chimatuluka chophwanyika bwino pakamwa.

Madzi ozizira, pang'onopang'ono, supuni ndi supuni, onse pamodzi sakwana ndi kapu yodzadza. Ufa ukhale wolimba, wovuta kukanda, woti ukaudina ndi chala dzenje limatsala. Apa ndi pamene dzanja limayabwa kufuna kuthirako madzi ena kuti ufewe, lekani. Musakandenso nthawi yaitali, ungogwirana basi. Vindikirani ndi nsalu yonyowa yofinya bwino, upume mphindi 20 mpaka 30, ukapuma umafewa wokha moti umatheka kuyala.

Kupinda ndi ntchito ya gulu, ndipo ndikuganiza kuti ndi chifukwa chake gujiya inakhala ya chikondwerero osati ya tsiku lililonse, munthu mmodzi sangakonde kupanga 100 yekha. Pa nyumba ija tinkayala mkeka pakhonde masana, wina akudula ufa timibulu tofanana, wina akuyala ndi kamtengo kawo kaja ka belan kukhala tozungulira ta masentimita 10 kapena 12, wina akuika za m'kati, wina akumata, ndipo aneba awiri atatu ankabwera kudzathandiza podziwa kuti mawa gulu lomweli lisamukira kwawo. Nkhani zonse za mumsewu umenewo zinkathera pamenepo, ndani akukwatiwa, mwana wa ndani walephera mayeso, mpongozi wa ndani sadziwa kupota gujiya. Ine Chihindi changa chinali chopereweza koma miseche munthu umaimva olo m'chilankhulo chachilendo.

Poyala musawazepo ufa wouma, umakapserera m'mafuta n'kudetsa gujiya zonse. Ngati zikumata pakani kadontho ka ghee pathabwa. Chikopa chisapyapyale kwambiri, makamaka pakati pamene pakhale katundu. Za m'kati supuni imodzi yosadzadza kwambiri, ndipo dyera ndi limene limaphulitsa gujiya zambiri, munthu umafuna ikhale yonenepa n'kuiwala kuti m'mphepete mukufunika malo oyera omatira. Kambewu kamodzi ka shuga kakatsala pomatira, pamenepo ndi pamene padzatseguke. Pakani madzi ndi chala kuzungulira m'mphepete, ena amasungunula kaufa m'madzi kuti chikhale chomatira champhamvu, pindani, dinani kuyambira pafupi ndi za m'kati kupita kunja kuti mpweya utuluke.

Kenako kupota. Mumatsina kangodya, kupindira m'kati, kutsina patsogolo pake, kupindanso, choncho mpaka kumapeto, m'mphepete n'kuoneka ngati chingwe chopota. Azimayi akuluakulu amachita izi osayang'ana, maso ali pa nkhani, masekondi ochepa yatha. Palinso kachikombole kapulasitiki kapena kamtengo kotchedwa sancha, umaikamo chikopa, kuika za m'kati, kutseka, kudula zotsala m'mbali. N'kofulumira ndipo zonse zimatuluka zofanana, koma Aunty ankakayang'ana ndi diso lina, ankati, "Beta, ka sancha ndi ka anthu amene alibe agogo." Kunena zoona foloko imagwiranso ntchito, kudinadina m'mphepete basi, chachikulu n'choti pamatike. Zimene mwapinda muziika pansi pa nsalu yonyowa, zikauma zimachita ming'alu ndipo mng'alu uliwonse ndi khomo la mafuta.

Pokazinga ndi pamene pagona nkhani yonse. Ghee, kapena mafuta ophikira wamba, kapena kusakaniza ziwirizi monga amachitira mabanja ambiri poti ghee ndi wodula kulikonse, akhale okwanira kuti gujiya isambire. Kuyeza kwake ponyani kaufa kakang'ono, kamire kaye pansi, katulutse timathovu ting'onoting'ono, kenako kakwere mwaulesi. Kakangoti ponyeni n'kuyandama nthawi yomweyo kakuchita phokoso, mafuta atentha kwambiri, phulani adikire. Gulu limodzi la gujiya zisanu kapena zisanu ndi imodzi limatenga mphindi 12 mpaka 15, ndipo mphindi zoyambirira musazikhudze n'komwe, chikopa chikadali chanthete, chipande chingachiboole. Moto ukakhala waukali kunja kumafiira msanga ndi kutuluka matuza, m'kati mwa chikopa muli mwauwisi, ikazizira imafewa n'kukhala lende, ndipo yotereyo ikalowa m'manyuchi imangosanduka chiphalaphala. Moto wochepa umapatsa madzi a mu ufa nthawi yotuluka onse, chikopa chipse mpaka m'kati. Mtundu wofunika ndi wagolide wotuwa, osati wofiira. Pa mbaula izi zimatheka bwino kuposa mmene mungaganizire, makala akagwa phulusa pamwamba moto wake umakhala wofatsa ndi wosasinthasintha, mungofunika kuchotsako makala ena akachuluka. Mukatsitsa gulu limodzi dikirani mafuta atsikeko musanaponye lina. Ndipo ina ikaphulika, ichotseni msanga, sefani mafuta, chifukwa khoya ndi shuga zikapserera mmenemo zimamata pa zinzake zonse madontho akuda owawa.

Manyuchi, iwo amati chashni, muziphika pamene gulu lomaliza lili pamoto. Makapu awiri a shuga, kapu imodzi ya madzi, cardamom wosinja pang'ono, amene ali nako amaponyamo tiulusi ta safironi wa ku Pampore ku Kashmir, koma mtengo wake ndi woti munthu umaganiza kawiri. Akawira mukaona litsiro la shuga, thirani supuni ya mkaka, limasonkhana pamwamba ngati thovu n'kuliyengula, ndi njira ya ma halwai, akatswiri ophika maswiti aja. Muyezo wake amati ulusi umodzi. Donthezani pa mbale, dikirani pang'ono lisakuotcheni, tsinani pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala n'kutsegula pang'onopang'ono, pakhale kaulusi kamodzi kotamuka kasanaduke. Popanda ulusi ndiye kuti akadali madzi, gujiya imwa n'kufewa, ntchito yonse ya moto wochepa ija yapita pachabe. Maulusi awiri atatu ndiye kuti apitirira, akazizira auma mbee pamwamba pa gujiya ngati chipale cha shuga. Madontho ochepa a ndimu kumapeto amathandiza kuti shuga asabwererenso kukhala mchenga.

Ponyika zonse ziwiri zikhale zofunda, gujiya yongopumako mphindi zochepa kuchoka m'mafuta, manyuchi otsika pamoto koma asanazizire. Mphindi ziwiri kapena zitatu, kutembenuza kamodzi, kuvuula, kuimika pa sefa kapena pa waya kuti otsala adonthe. Pamwamba wazani pistachio woduladula akadali omata. M'masitolo a maswiti amamatapo kapepala kasiliva kopyapyala kodyedwa kotchedwa vark, n'kokongoletsa chabe, kalibe kukoma kulikonse.

Pali mkangano wosatha pakati pa okonda youma ndi okonda yonyika. A youma amati manyuchi amabisa kukoma kwa khoya ndiponso ndi njira ya ogulitsa yolemeretsa katundu pa sikelo, poti maswiti kumeneko amagulitsidwa pa kilo ndipo shuga ndi wotchipa kuposa khoya. Pamenepa sakunama, m'masitolo ena gujiya imachita kudontha, ukaluma manyuchi kutsikira m'chigongono. Koma yonyikidwa bwino ndi nkhani ina, manyuchi amangokuta kunja, chikopa chikadali chophwanyika pansi pake, ndipo poti m'kati munachepetsa shuga zonse zimakumana pakati. Ine ndili mbali imeneyi. Chimene sindigwirizana nacho ndi gujiya ya mu uvuni imene yatchuka masiku ano kwa oopa mafuta, imatuluka youma ngati bisiketi, kuli bwino kudya imodzi yeniyeni kusiyana ndi zinayi zoterozo. Za chokoleti zija ndiye ndisayambe n'komwe.

Gujiya ili ndi abale ake ambiri. Ku Maharashtra kuli karanji imene m'kati mumachuluka kokonati ndipo imapangidwa kwambiri pa Diwali, ku Goa kuli nevri imene Akhristu amapanganso pa Khirisimasi, ku Bihar pedakiya, ku Gujarat ghughra. Amwenye ambiri a ku Limbe ndi ku Lilongwe makolo awo anachokera ku Gujarat, nde ngati munalandirako mbale ya maswiti kwa abwana kapena aneba nthawi ya Diwali n'kupezamo kotereka, mwina inali ghughra imeneyo. Palinso chandrakala, zikopa ziwiri zozungulira zomatidwa pamodzi, imene nthawi zonse imanyikidwa. Koma amene ndimamukonda mwa onsewa ndi lavang latika wa ku Bengal ndi ku Varanasi. Ufa ndi womwewo, za m'kati n'zomwezo, koma m'malo mopinda pakati mumapinda mbali zonse zinayi ngati envelopu n'kubaya clove imodzi, kokometsera chakudya kooneka ngati kamsomali, pakati kuti igwire. Clove ija ikakazingika m'mafuta fungo lake limalowa m'chikopa chonse, ndipo kwa amene kupota kukumukanika iyi ndi njira yachidule yopanda manyazi.

Kuno kwathu zonse zimatheka. Mkaka wa ng'ombe wa kwa alimi, wosachotsa mafuta ndiponso wosathira madzi, ndi umene umatulutsa khoya wabwino, wa m'mapaketi onetsetsani kuti ndi full cream. Amene alibe maola awiri angathe kutenga makapu awiri a mkaka wa ufa wonona, theka la kapu ya mkaka wamadzi ndi masupuni atatu a ghee, kutakasa pamoto wochepa mphindi zosakwana 10 mpaka zigwirane. Sizifanana ndendende, kafungo ka mkaka wowira nthawi yaitali kamasowa, koma zikalowa m'chikopa ndi cardamom ambiri sangazindikire. Ghee mukhoza kupanga nokha, sungunulani batala wopanda mchere pamoto wochepa mpaka thovu litatha ndipo zoyera zija zakhala pansi n'kufiirira, sefani pa kansalu, magalamu 500 a batala amatsala pafupifupi 400. Majarini ayi chonde, muli madzi ndipo fungo lake limaononga zonse. Ma almond ndi pistachio akadula, makademiya a ku Thyolo amalowa bwino kwambiri poti ndi onona, ngakhale mtedza wathu wokazinga wochotsa makoko umatheka, ungochepetsa chifukwa fungo lake ndi lolamulira. Kokonati wa kunyanja mupale ndi kuyanika kaye kapena kumukazinga mpaka aume, wamuwisi amaononga msanga. Poyalira botolo loyera limakwana. Cardamom ndi suji mupeza m'mashopu a amwenye ku Limbe kapena ku Area 2.

Kasungidwe kake kamasiyana. Youma, ngati khoya anakazingidwa bwino, imakhala sabata ndi kupitirira m'chitini chotseka bwino, ndipo nyengo ya Holi kumpoto kwa India imathandiza poti chisanu chimakhala chikungotha kumene, kutentha koopsa kwa Meyi kusanafike. Yonyika ndi ya masiku atatu kapena anayi basi, ndipo kuno mu Malichi ndi chinyontho cha dzinja, kapena mu Okutobala ku Chikwawa, musadalire n'masiku anayiwo. Mu fuliji imakhalitsa koma ghee amagwirana, chikopa n'kulimba, muyenera kuitulutsa ola lathunthu musanadye. Nzeru ya Aunty inali yokazinga zonse n'kusunga zouma, kenako kumanyika zochepa zokwanira alendo a tsiku limenelo. Musatsekere m'chitini zikadali zofunda, thukuta lake limafewetsa zonse usiku umodzi.

Pa tsiku la Holi lenilenilo gujiya siiyenda yokha. Alendo akamalowa ali mbuu ndi utoto, pa tebulo pamakhala zamchere zoti zithyole kutsekemera, mathri, papad, tchipisi ta mbatata toyanika padenga masabata a m'mbuyomo, dahi vada wozizira mu yogati, ndi thandai, mkaka wosinjiramo ma almond, fennel ndi tsabola wakuda. Thandai winayo amathiramo bhang, chamba chosinja, nde mlendo uzifunsa kaye usanamwe kapu yachiwiri. Nyumba iliyonse imene walowa amakukakamiza gujiya, kukana n'kunyoza, ndipo pofika nyumba yachisanu umayamba kuphunzira kuluma pang'ono n'kumayendayenda nayo m'manja.

Zodula za m'mbali ndi ufa wotsala sizitayidwa. Mumazikanda pamodzi, kuyala mokhuthalako, kudula timabokosi ting'onoting'ono, kukazinga pa moto waulesi womwe uja. Manyuchi otsala mumawabwezera pamoto mpaka afike maulusi awiri, nthawi ino kuumako ndi kumene mukufuna, kuponyamo timabokosito n'kutakasa mpaka shuga aume mbee pamwamba pake. Zimenezo amati shakarpara, zimakhala mwezi wathunthu m'botolo, ndipo ndi zimene ana amapatsidwa kuti asiye kuzungulira chitini cha gujiya alendo asanabwere.